Cider wotentha wa maapozi, mmene ndimaphikira kukayamba kuzizira kuno ku Nottingham

Okutobala akangolowa kuno ku England maapozi amayamba kugwa okha m'mitengo, pansi mbwee, ena mpaka kuwolera pomwepo mavu akudyerera. Mukayenda m'makwalala akunja kwa tauni muona mabokosi kapena zidebe pageti, eni ake alembapo kuti aliyense atenge ulere chifukwa mtengo umodzi wokha umabereka zoti banja limodzi silingamalize. Ndiye chimandiwawa ine n'choti ambiri a ife timangodutsa osayang'anako, kenako Disembala akafika mphuno zili chuchuchu tikukagula timapaketi taufa tothira m'madzi otentha, toti ukawerenga kumbuyo kwake upeza kuti zambiri ndi shuga basi. Chonsecho chakumwa chenichenicho mutha kupanga nokha mupoto wanu yemweyo, ndi zipatso zoti simunalipire ngakhale ndalama imodzi, ndipo zonunkhiritsa zake si zachilendo ayi, ndi zomwe zija amayi ena amathira mutiyi wamkaka.

Ndiyambe ndi chenjezo limodzi kwa anzanga opemphera ndi amene muli ndi ana. Musitolo zakuno botolo lolembedwa kuti cider ndi mowa, osati juwisi. Ku America ndi kumene cider wamba amakhala madzi a maapozi ofinya osasefa kwambiri, opanda mowa. Amene ndikukamba pano ndi wopanda mowayo, woti mwana, agogo, abusa, aliyense atha kumwa. Za wamowayo ndinenako pang'ono kutsogoloku.

Nkhani yonse yagona pa maapozi amene mwasankha. Mukatenga otsekemera okhaokha ngati Gala, chotuluka chake chimakhala madzi ashuga ozizira mkamwa, opanda ukali uliwonse, mumamwa theka la kapu n'kutopa nacho. Mukatenga owawasa okhaokha mudzathira shuga mpaka kudabwa. Ndiye pamafunika kusakaniza, ine ndimakonda kuti pa maapozi atatu aliwonse mmodzi akhale wowawasa, awiriwo otsekemera. Otsekemera atha kukhala Gala, Braeburn, Cox, kaya aliwonse amene mwatola pageti paja oti mukaluma simukukwinya nkhope. Wowawasayo kuno palibenso kufunsa, ndi Bramley.

Bramley ndimamukonda mwapadera, mwina chifukwa kwawo ndi konkuno. Ndi apozi wamkulu wobiriwira, wophwatalala pang'ono, woti kumudya wamuwisi mano amachita dzanzi, koma ukamuika pamoto amasungunuka yense n'kusanduka phala loyera lofewa, ndipo kuwawasa kwake sikuthawa ngakhale aphikidwe nthawi yaitali. Mtengo wake woyamba uli ku Southwell, katauni kakang'ono koti kuchoka mu Nottingham ndi ulendo wa basi imodzi. Anadzala ndi kamtsikana, Mary Ann Brailsford, mu 1809, anangotenga njere n'kuika mudothi kuseri kwa nyumba yawo. Nyumbayo inadzagulidwa ndi wogulitsa nyama Matthew Bramley mu 1846, ndiye mnyamata wina wa nazale, Henry Merryweather, atapempha mu 1856 kuti aduleko nthambi zokamezanitsa, mwini nyumba anavomera koma anati apoziyo atchedwe dzina lake. Dzina linapita kwa wogula nyumba, wodzala uja ayi, ndipo zimenezi zimandikhudza nthawi zonse ndikamadula Bramley. Mtengowo unagwa ndi mphepo yamkuntho mu 1900 koma unaphukanso kuchokera pomwe thunthu linagunda pansi. Ndipo poti njere ya apozi sibereka zipatso zofanana ndi mayi wake, Bramley aliyense amene mukumuona musitolo anachokera ku nthambi za mtengo umodzi womwewo, kumezanitsa kumezanitsa mpaka lero.

Za kutola, chonde pemphani. Lamulo lakuno limati chipatso ndi cha mwini mtengo ngakhale nthambi italowera mbali yanu ya mpanda. Koma kunena zoona sindinaonepo munthu wokana, makamaka achikulire amene mawondo sakuwalolanso kuwerama, amachita kukuthokozani kuti mwawachotsera ntchito. Agogo ena apafupi ndi kwathu amandisiyira makwerero panja ndithu, ine ndikaphika ndimawapititsira botolo limodzi likadali lofunda, ndipo ubale wathu unayambira pamenepo, anthu oti kale tinkangokwezerana dzanja patali.

Maapozi otola pansi muwayang'anitsitse. Pamene pangofiira chifukwa chogunda pansi mutha kudulapo n'kutaya, pamene palowa mbozi chimodzimodzi. Koma amene wayamba kuwola, wafewa n'kuchita nkhungu, tayani yense, musamve chisoni. Nkhungu ya maapozi owola imatulutsa poizoni wotchedwa patulin ndipo ameneyu satha ndi kuwiritsa, ndiye maganizo aja oti moto upha zonse apa sagwira ntchito. Otsalawo tsukani bwinobwino, pansi pamitengo pamadutsa agalu, nkhandwe ndi mbalame.

Mulingo wanga ndi uwu. Maapozi okwana makilo awiri, amene amakhala pakati pa 10 ndi 12 malinga ndi kukula kwake. Lalanje limodzi. Timitengo ta sinamoni tiwiri. Ma clove, tonunkhiritsa touma tija tooneka ngati timisomali, asanu kapena asanu ndi limodzi, osapitirira. Jinja wamuwisi wotalika ngati chala chachikulu, wodula mapisi opyapyala. Star anise, chonunkhiritsa chooneka ngati nyenyezi, mmodzi ngati mumamukonda, ana ena samufuna ndiye mutha kumusiya. Madzi malita awiri ndi theka kufika atatu. Shuga wabulauni kapena uchi, koma zimenezi zidikire kumapeto. Pamenepa mupeza cider wokwana pafupifupi malita awiri, makapu asanu ndi atatu abwinobwino.

Poto akhale wamkulu, wasitilu kapena wa enamel. Wa aluminiyamu wopepuka uja musiyeni apume, asidi wa maapozi amadyana naye ndipo chakumwa chimatuluka ndi kakomedwe kachitsulo, mtundu wake n'kuthimbirira.

Maapoziwo musasende. Khungu ndi limene limapereka mtundu ndi kafungo, makamaka ofiira aja. Ingodulani panayi panayi, chotsani kamtengo ndi pena paliponse poonongeka, chapakati ndi njere zake mutha kusiya poti mudzasefa. Ena amaopa njere kuti zili ndi poizoni, n'zoona muli kenakake kochepa kwambiri, koma njere zosaphwanya zimene mukazitaye posefa sizingakuchiteni kanthu. Ngati mtima sukukhazikika zichotseni, si ntchito yaikulu. Lalanje lokha ndi limene ndimasenda ndithu, chifukwa choyera chija chapansi pa khungu chikaphikidwa maola ambiri chimawawitsa poto yense, kuwawa koti shuga sangakubise. Ndiye ndimaika zamkati zokha, kenako kakhungu kakunja kopyapyala, kosenda mosamala popanda choyera, ndimakasunga kuti ndidzaponyemo mphindi 15 zomaliza.

Tsopano zonunkhiritsa, apa ndiye ndili ndi maganizo olimba. Gwiritsani zathunthu, osati zaufa. Sinamoni waufa sasungunuka, amangoyandama pamwamba kenako n'kukhala pansi ngati matope, ndipo pomeza amakanda kukhosi. Timitengo timapereka fungo pang'onopang'ono ndipo mukamaliza mumangotivuula. Musitolo za amwenye, kuno ndimapita ku Hyson Green, mupeza mapaketi akuluakulu pamtengo woti musupamaketi mungagule kabotolo kamodzi kakang'ono.

Sinamoni alipo wamitundu iwiri ndipo ndi bwino kudziwa amene mwagula. Wina ndi wa ku Sri Lanka, khungwa lake ndi lopyapyala, lopindidwa kambirimbiri, loti mutha kulifumbata n'kuliphwanya ndi zala, fungo lake ndi lofatsa. Winayo ndi cassia, amachokera ku China, Vietnam ndi Indonesia, ndi wokhuthala, wolimba, wofiirira kwambiri ndipo ndi waukali. Ambiri amene timagula ndi cassia. Onse amagwira ntchito, kungoti cassia ali ndi coumarin wambiri, chinthu choti munthu akamadya chochuluka tsiku ndi tsiku chimavutitsa chiwindi. Timitengo tiwiri mupoto wa banja lonse si vuto, koma amene mumamwa sinamoni m'mawa uliwonse ngati mankhwala sankhani wa ku Sri Lanka.

Ma clove ndi amene amaononga cider wa anthu ambiri. Timaoneka tating'ono ndiye dzanja limafuna kuwonjezera, koma mafuta ake ndi amphamvu zedi, ndi omwe aja amaziziritsa dzino likamawawa, ndiye mukachulutsa lilime limachita dzanzi ndipo apozi samvekanso. Asanu akwana. Ndimati ndikawatenga m'manja ndimakumbuka kuti kwawo kwenikweni ndi kuzilumba za Maluku ku Indonesia, ndipo ku Zanzibar ndi Pemba anachita kubwera nawo m'zaka za m'ma 1800, minda yake n'kumalimidwa ndi akapolo, ena mwa iwo otengedwa kudera lathu la kunyanja kudzera ku Nkhotakota ndi Kilwa. Si nkhani yoti ikulepheretseni kumwa, koma ine ndimaona kuti ndi bwino kudziwa kuti kafungo kameneka kali ndi mbiri yomwe ikutikhudza ifeyo. Ana anga ndinawauza, ndipo anafunsa mafunso ambiri kuposa amene amafunsa ndikamawauza za kumudzi mwachisawawa.

Jinja yekha ndiye ndimaika mopanda mantha. Anzathu akuno ambiri saika kapena amangoika kachidutswa, koma kwa ine jinja ndi amene amapangitsa kuti kutentha kutsike mpaka pachifuwa n'kukhalitsa. Nutmeg ngati muli naye, palani pang'ono pamwamba pa kapu pomwa, osati mupoto.

Kaphikidwe kake sikovuta, chofunika ndi kudekha. Musanaike china chilichonse, kazingani sinamoni, ma clove ndi star anise mupoto wouma kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, moto wochepa, mpaka fungo litakupezani pamene mwaima. Zisapserere. Kenako ikani maapozi, lalanje ndi jinja, thirani madzi mpaka apitirire zipatso ndi zala ziwiri, ngakhale maapozi amayandama ndiye muyeze powakanikiza ndi chipande. Kwezani moto kuti ziwire, zikangoyamba kubwata tsitsani kwambiri, vundikirani, zizingonyung'unya pang'onopang'ono kwa maola awiri.

Mu ola loyamba mukavundukula muona kathovu kotuwa m'mbali, kachotseni ndi supuni. Muonanso kuti Bramley wayamba kale kuphulika, khungu lake lasiyana ndi mnofu n'kupindika, mnofuwo watutumuka ngati thonje, pomwe Gala akadali ndi mawonekedwe ake, wangofota n'kutaya kufiira. Madzi amakhala akadali oyererako, ndipo mukalawa nthawi imeneyi mukhumudwa, amamveka ngati madzi otsukira zipatso. Musathire shuga, musawonjezere zonunkhiritsa, vundikiraninso. Pofika kumapeto kwa ola lachiwiri mtundu umasintha kukhala wagolide wakuda, mawindo akukhitchini achita nthunzi, ndipo fungo lafika mpaka pamasitepe. Apa tengani mthiko kapena chophwanyira mbatata, nyenyani zipatso zonse m'mbali mwa poto mpaka zikhale phala. Mukatero siyani chivundikiro chotsegula pang'ono, ziphikenso ola limodzi kuti madzi atsikeko ndipo kukoma kukhathamire. Muzitakasa apo ndi apo chifukwa phala lija limakonda kugwira pansi, ndipo likapserera ngakhale pang'ono fungo la utsi limalowa monse.

Amene muli ndi slow cooker, poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono uja, ndiye mwapeza bwino, ikani zonse m'mawa pa moto wotsika, pakatha maola sikisi kapena seveni nyenyani, dikirani ola lina. Magetsi ake ndi ochepa poyerekeza ndi kuyatsa sitovu maola atatu, ndipo ndi mmene mabilu alili masiku ano zimenezi si zonyozera.

Kusefa ndi pamene pamafunika manja. Dikirani zizizireko kaye, phala la maapozi lotentha limamatirira pakhungu ndipo limawotcha koopsa. Ikani sefa pamwamba pa poto wina, yalani kansalu koyera kopyapyala, kaya chidutswa cha chitenje chakale chochapa bwino chopanda fungo la sopo, ndiye muzithira pang'onopang'ono ndi chikho. Oyamba amadutsa okha, oyera mbee ngati tiyi wopanda mkaka. Akasiya kudontha sonkhanitsani nsonga za nsalu, potokolani, finyani. Amene amatuluka pofinya amakhala okhuthala, amtambo, ndipo kukoma kwambiri kuli mmenemo, ndiye osamusiya. Ena amafuna cider woonekera mpaka pansi pa galasi ndipo safinya n'komwe, ine ndimaona kuti kumeneko n'kutaya chabwino chifukwa cha maso. Pansi pa kapu pakakhala nsenga pang'ono palibe cholakwika, mumangozunguza kapu n'kumaliza.

Mukasefa bwezerani pamoto wochepa, ndipo tsopano ndi pamene mulawe. Shuga ayambe ndi masupuni awiri, takasani, lawaninso. Chaka chilichonse, ngakhale mtengo uliwonse, maapozi amasiyana, ndiye palibe amene angakuuzeni mulingo weniweni, pena masupuni awiri akwana pena mpaka asanu. Mkamwa mukazolowera mumafuna kuwonjezera, ndiye imani pamene mukuona ngati patsala pang'ono kuti zikwane. Mukaona kuti watsekemera mopanda moyo, finyirani ndimu theka, amadzuka nthawi yomweyo. Kamchere kakang'ono kotsina ndi zala ziwiri kamathandizanso. Uchi ngati mwasankha uchi, thirani mutachotsa pamoto, ndipo mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale pang'ono. Kuyambira pamenepa cider asawirenso, azingokhala wotentha wofuka nthunzi. Akabwata kafungo kabwino kaja kamathawira m'mwamba n'kutsala kukoma kwa jamu.

Pali masiku oti munthu wachokera ku shifiti yausiku, miyendo ikuwawa, za maola atatu sizingatheke. Njira yachidule ilipo ndipo sindiinyoza. Gulani juwisi wa maapozi wofinya, wamtambo uja wokhala mufiriji kapena m'mabotolo agalasi, osati woyera wa m'makatoni wochita kusungunula. Lita imodzi, kamtengo ka sinamoni kamodzi, ma clove atatu, jinja, kakhungu ka lalanje, moto wochepa kwa mphindi 20 kapena 30 osalola kuti awire. Shuga nthawi zambiri safunika chifukwa juwisi wa maapozi ali kale ndi shuga wokwana magalamu 10 pa mamililita 100 aliwonse. Zimenezi amene muli ndi matenda a shuga muzidziwe, ngakhale wophika nokha uja, kapu yaing'ono ikukwanirani ndipo musathiremo china chotsekemera. Mukagula juwisi wa pafamu amene sanatenthetsedwe pofuna kupha tizilombo, ameneyo yekha muyambe mwamuwiritsa kamphindi musanapatse ana aang'ono, amayi oyembekezera kapena okalamba.

Za wamowa uja. Kumadzulo kwa England, ku Somerset, Devon ndi Herefordshire, cider ndi moyo wawo kuyambira kalekale, moti antchito a m'mafamu ankalandira gawo la malipiro awo ngati cider mpaka lamulo la 1887 linaletsa. Chaka chomwecho ndi chimene Percy Bulmer anayamba kufinya maapozi ku Credenhill pafupi ndi Hereford, n'kuyambitsa kampani imene mabotolo ake mumawaona mpaka pano. M'misika ya Khirisimasi amagulitsa wotentha wothira zonunkhiritsa zomwezi. Amene mumamwa, kapangidwe ndi kofanana ndi njira yachidule ija, kungoti moto ukhale wotsika kwambiri poti mowa umayamba kuuluka msanga kuposa madzi, umawira pa madigiri 78. Koma musanamizike kuti mukautenthetsa ndiye kuti mowa wonse watha, umatsalamo wambiri ndithu, ndiye si wa ana ndipo si wa woyendetsa galimoto. Chinanso, mowa umakupangitsani kumva kufunda chifukwa magazi amathamangira pakhungu, koma mkati thupi limakhala likutaya kutentha. Munthu woti akadikira basi panja usiku wa Januwale ndi bwino amwe wopanda mowayu.

Kumadera omwewo kuli mwambo umene unandidabwitsa nditaumva, wa wassail. Mu Januwale anthu amapita m'munda wa maapozi usiku ndi miuni, amaimbira mitengo, amathira cider pamizu ya mtengo waukulu, amapachika buledi wowotcha wonyika mu cider panthambi, kenako amamenya mapoto ndi kuwomba mfuti m'mwamba kuti mizimu yoipa ithawe ndipo mitengo idzuke ibereke bwino. Kumudzi wa Carhampton ku Somerset amachita pa 17 Januwale, tsiku limene amasungabe potsata kalendala yakale imene dziko lino linasiya mu 1752. Pakati pa zonsezi pamakhala mbale yaikulu ya chakumwa chotentha imene aliyense amamwako. Ndiye chakumwachi kuyambira pachiyambi sichinali choti munthu amwe yekha atatseka chitseko.

Apa ndi pamene pali mtima wanga. Kuzizira kwakuno sikuvuta chifukwa cha chisanu chokha ayi, majekete tili nawo, hita tili nayo ngakhale timayatsa mowerengera. Chovuta ndi mdima. Mawotchi akabwezedwa Lamulungu lomaliza la Okutobala, dzuwa limayamba kulowa msanga, pofika Disembala 4 koloko isanakwane kunja kwada kale. Umapita kuntchito kuli mdima, kubwera kuli mdima, ndipo anthu amangosowa, aliyense m'nyumba mwake, mauthenga a pa WhatsApp okha. Tili ndi abale ambiri amene abwera zaka zaposachedwapa kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ena asiya ana kumudzi, akukhala m'kachipinda kamodzi, ndipo nyengo yozizira yoyamba imawapweteka mumtima koma sanena. Kuitana munthu kuti adzadye nsima kumafuna ndiwo, nthawi, kukonzeka, ndiye timazengereza mpaka mwezi kutha. Koma poto wa cider ndi wotchipa, amadziphika yekha inu mukuchapa, ndipo amakupatsani chifukwa choimbira foni kuti achemwali tabwerani, pali chotentha kuno. Kwa ine wasanduka ngati thobwa, chinthu choti mlendo akangokhala pansi umamupatsa asanayambe n'kufotokoza komwe za ulendo wake.

Loweruka lina anabwera mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu amene anali atangofika kumene chaka chimenecho. Anakhala pampando jekete osavula, kapu atayigwira ndi manja awiri, kuyamba wanunkhiza kaye nthawi yaitali. Kenako akuti, "Anti, mwaikamo chiyani umu? Jinja ndamumva, koma pali china." Ndinamuonetsa ma clove pachikhatho, iye n'kuseka kuti amayi ake amasunga omwewa m'kabotolo chifukwa cha dzino. Tinayambira pamenepo, za amayi ake, za mwana wake amene ali sitandade 2, za mmene tulo tikumuvutira masana akachoka kuntchito. Anakhala mpaka usiku, jekete anavula yekha nthawi ina osazindikira, ndipo popita ndinamuthirira wotsala mufulasiki kuti akamwe pa shifiti. Panopa amaphika yekha, ndipo amaika tsabola wakuda pang'ono, zimene ine sindinaganizepo koma zimakoma.

Ndisanamize munthu, cider si mankhwala. Sachiza chimfine, amangofewetsa kukhosi ndi kukupatsani madzi m'thupi pamene simukufuna kumwa ozizira. Kufooka kwa nyengo ino nthawi zambiri kumakhudzana ndi kusowa dzuwa, ndipo a zaumoyo kuno amalangiza kumwa vitamin D wokwana ma microgram 10 patsiku kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse. Zimenezo musasiye chifukwa cha poto wa maapozi.

Abale amene muli kumudzi, musaone ngati izi n'zakunja zokha. Juni ndi Julaye ku Dedza, ku Mzuzu, kaya ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikagwa, kumazizira moti chakumwachi chingakuthandizeni. Vuto ndi mtengo wa maapozi poti ambiri amachokera ku South Africa, kumadera ngati Ceres ndi Grabouw, ndiye kugula 12 nthawi imodzi si masewera. Chepetsani mulingo, maapozi anayi ndi lita imodzi yamadzi zikupatsani makapu atatu. Bramley simumupeza koma obiriwira aja a Granny Smith amagwira ntchito yomweyo ya kuwawasa, ndipo amene afota pang'ono, amene ogulitsa amatsitsa mtengo madzulo, ndi abwino kuphika bola asakhale owola. Pambaula zimatheka bwino kwambiri, makala akatsika mphamvu mutaphula ndiwo, ikanipo poto azinyung'unya yekha. Amene muli ku Cape Town ndi madera ozungulira ndiye mulibe chodandaula, maapozi amakololedwa kuyambira Febuluwale mpaka Meyi, kuzizira n'kufika akadali otchipa.

Wotsala akazizira thirani m'mabotolo oyera, mufiriji amakhala masiku anayi kapena asanu. Zonunkhiritsa zonse zikhale zitachotsedwa, mukasiyamo kamtengo ka sinamoni usiku wonse mawa mupeza wawawa. Potenthetsanso tengani wokwana kumwa nthawi imeneyo, osati kumangobwezera poto yense pamoto mobwerezabwereza. Mufiriza amakhala miyezi itatu, kungoti musadzaze botolo mpaka kukamwa chifukwa madzi akaundana amatupa, ndipo lagalasi limasweka, gwiritsani lapulasitiki. Ine Okutobala ndi Novembala ndimaphika kwambiri maapozi akadali aulere, n'kusunga woti atifikitse mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene kumazizira zenizeni koma mitengo ili mbulanda.

Phala lotsala pansalu lija musataye. Chotsani timitengo, ma clove ndi jinja, kenako lipitikitseni pa sefa ndi supuni kuti makoko ndi njere zitsale. Chotulukacho thiranimo shuga pang'ono, ndi chabwino kusakaniza muphala la m'mawa, kupaka pabuledi, kapena kuika mu ufa wa zitumbuwa ndi mandasi m'malo mwa madzi ena. Nacho chimakhala mufiriji masiku atatu, ndipo makoko otsalawo apite kukompositi ngati muli ndi kadimba kuseri.